Tsiku limene njati zinatitsekera msewu ku Yellowstone

Tinanyamuka ku Gardiner, m'dera la Montana, kusanache bwino, ine nditavala majekete awiri ngakhale unali mwezi wa June. Pofika m'chigwa cha Lamar, m'paki ya Yellowstone ku America, tinapeza magalimoto ali ndii, ndipo ndinkangoti kwachitika ngozi. Ayi ndithu, njati zinali zitadzaza msewu, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe woliza hutala.

Ndikuti njati, koma si ija ya ku Liwonde ya nyanga zotambalala. Iyi amaitcha bison. Ili ndi chilinunda, ndevu ngati tonde, tinyanga tatifupi ndi chiubweya kumutu ndi m'mapewa. Yamphongo imafika makilogalamu 900. Ina inadutsa chapafupi ndi windo langa, ubweya wa nthawi yozizira ukuyoyoka ngati bulangete lakutha, nthunzi ikutuluka m'mphuno. Ana ake ndi ofiirira ngati dothi la katondo. Lamulo la m'pakimo limati uzitalikire mamita 23, koma bambo wina anatsikabe, foni m'manja. Nyamayi imathamanga makilomita 55 pa ola, ndipo ku Yellowstone yavulaza anthu ambiri kuposa chimbalangondo.

Ine Chimalawi chinandipeza. Ndinafunsa mnzanga amene ankayendetsa kuti, ndiwo zonsezi zingathe maukwati angati? Anaseka, kenako anandiuza kuti anthu a mtundu wa Lakota, amodzi mwa eni dziko la America, sangadabwe nalo funsoli. Iwo amaitcha tatanka ndipo amaiwerengera ngati m'bale wawo, komabe ankaidya. Chikopa chinali nyumba ndi chofunda, mafupa zida, nyanga masipuni.

Chimene chinandiwawa ndi china. Kale njatizi zinalipo mamiliyoni osachepera 30. M'zaka za m'ma 1870 alenje a mfuti ankazipha kuti angosenda chikopa, chokapangira malamba a makina a m'mafakitale, ndi kudula lilime. Nyama yonse ankaisiya kuti iwole. Munthu wokulira pakhomo pamene ngakhale mapazi a nkhuku satayidwa, zimenezi n'zovuta kuzimeza. Ndipo akuluakulu ena a asilikali ankakondwa nazo, podziwa kuti njati ikatha, eni dziko agonja ndi njala n'kulowa m'madera amene boma linawadulira. Pofika 1889 zinali zitangotsala pafupifupi 1,000. Muno mu Yellowstone, paki imene inakhazikitsidwa mu 1872, zam'tchire zinangotsala zoposa 20 pang'ono pofika 1902, zitabisala m'chigwa cha Pelican. Zimene zinatiimikazo ndi zidzukulu za zimenezo pamodzi ndi zina 21 zimene anazibweretsa chaka chomwecho kuchokera kwa alimi oweta.

Mu 2016 Barack Obama anasaina lamulo loika njatiyi kukhala nyama yoimira dziko la America. Zabwino, koma kwa ine chachikulu n'choti kuyambira 2019 njati zina za muno, zikapimidwa matenda, zimatumizidwa zamoyo ku Fort Peck, dera la eni dziko a mitundu ya Assiniboine ndi Sioux.

M'chigwa chomwechi mu June 2024 munabadwa mwana wa njati woyera, chinthu chopatulika kwambiri kwa a Lakota, ndipo anamutcha Wakan Gli. Ndinaunguza ndi maso m'gulu monse, ndinangoona zakuda ndi tofiira tija. Msewu unatseguka patatha mphindi ngati 40, pamene yaikazi ina yokalamba inatsetserekera kumtsinje, zinzake n'kuitsata. Tiyi wa m'fulasiki anali atazizira kale.