Fairing ija yakhala, koma ntchito yeniyeni inali kumchira

Loweruka lapitali ndi pomwe ndamanga bawuti yomaliza pa fairing, chigoba chophimba njinga yanga yamoto kuti izidula mphepo bwino, patatha miyezi isanu chiigulireni fairing imeneyi, ndipo manja akuyabwabe mpaka pano. Amene munagwirapo fiberglass, yomwe amapangira ma fairing, mukudziwa zomwe ndikunena, fumbi lake likalowa pakhungu ndi chitedze chenicheni, kaya usambe katatu limakhalapobe basi.

Kwa amene simukundidziwa bwino, ine ndimakhala ku Leeds, ntchito yanga ndi yaumakaniko, ndipo chomwe chimandidyera ndalama ndi Suzuki Hayabusa ya 2003 yomwe ndinagula yogwirapo kale ntchito. Sindithamanga nayo mumsewu ayi. Ndimapita nayo ku Elvington kufupi ndi York, pabwalo lakale la ndege lomwe msewu wake ndi wotalika pafupifupi makilomita 3, komwe a gulu la Straightliners amakonza masiku oyeza liwiro. Kumeneko kulibe kupikisana ndi mnzako pambali, umanyamuka wekha, kuwongoka basi, makina n'kukuuza liwiro lako. Nambala yomwe tonse timaifuna pamenepo ndi mamailosi 200 pa ola, omwe ndi makilomita ngati 322.

Nde vuto lake ndi ili. Hayabusa zazaka zimenezi zinkatuluka kufakitale zitatsekedwa pa makilomita 299 pa ola, mamailosi 186, ndipo munthu ukamva umati aa, kungotsala 14 basi, kungochotsa chotsekacho n'kuwonjezera pang'ono mphamvu. Sizili choncho. Mphepo ikamakukankha siwonjezera mofanana ndi liwiro, ukathamanga kawiri imakukankha kanayi, ndipo mphamvu yomwe injini ikufunika kuti ikwanitse zimenezo imakwera kasanu ndi katatu. Ndinawerengera papepala, kuchoka pa 186 kufika pa 200 pamafunika mphamvu yowonjezera pafupifupi kota ya yomwe uli nayo kale. Kota ya injini ndi ndalama zambiri zedi, turbo, mapisitoni, klatchi, zonsezo. Njira ina ndi kuchepetsa momwe mphepo ikukugwirira, ndipo ndi imene ndinasankha ine.

Zimenezi anthu anazidziwa kalekale. Mu 1948 ku Bonneville ku Utah, kuchigwa cha mchere chija, Rollie Free anaona kuti zovala zake zachikopa zikukupiza ndi mphepo, nde anavula n'kutsala ndi kabudula wosambira, kachipewa kosambira ndi nsapato basi, anagona chafufumimba pa njinga ya Vincent miyendo itawongoka kumbuyo, n'kufika mamailosi 150.313. Sanakhudze injini, anangochepetsa momwe mphepo imamugwirira. Chithunzi chake ndinachimata pakhoma la galaja, ngakhale kunena zoona tanthauzo lake ndalimvetsa mochedwa.

Kusaka fairing kunali kovuta. Zinthu zimenezi sizipezeka m'sitolo ya zida za njinga, opanga ake ndi ochepa ndipo ambiri ali ku America, ngati Airtech ya ku California yomwe imapanga ma fairing a fiberglass a anthu a ku Bonneville. Ndinaziona pa intaneti, zabwino ndithu, koma chinthu chachikulu ngati chimenecho ukawerengera yotumizira pa ndege ndi msonkho, thumba langa linakana. Ndinakhala miyezi iwiri ndikungoyang'ana m'magulu a pa Facebook, mpaka tsiku lina munthu wina anaika kuti akugulitsa zidutswa za fairing, mphuno, mbali ziwiri ndi mchira, akuti zinachoka pa Hayabusa ndipo zikalowa zokha popanda vuto. Ndinapempha mlamu wanga vani yake, tinanyamuka m'mamawa, ulendo wa maola atatu.

Titafika nazo kunyumba n'kuyesa kuziika, mlamu anangoti, "Alamu, izi sizinachoke pa njinga ngati yanuyi." Ndipo ankanena zoona. Mabowo onse anali pena, mabulaketi panalibe ndi limodzi lomwe, mbali yakumanzere inali ndi mng'alu omwe anaubisa ndi penti. Ndinakhumudwa kwambiri usiku umenewo, koma ndalama inali itapita kale, nde tinangoti tigwire ntchito ndi zomwe zilipo.

Choyamba chomwe ndinalakwitsa, ndinayamba kuyeza fairing pa njinga yopanda munthu. Ndinataya masabata awiri pamenepo. Nditakwera nditavala zonse, jekete yachikopa, helimeti, magolovesi, n'kugona pathanki momwe ndimagonera pothamanga, zigongono zinali panja, mawondo panja, ndipo galasi lakutsogolo linali m'munsi moti mphepo ikanamandimenya pamphumi penipeni. Tinayambiranso. Ine kugona panjinga, mlamu kujambula ndi foni kutsogolo, m'mbali ndi kumbuyo, kenako kudula makatoni n'kumata ndi tepi mozungulira thupi langa mpaka chithunzi cha kutsogolo chitaonetsa chinthu chimodzi chosalala, osati njinga payokha munthu payekha. Tinatsitsa mahandulo, tinabweza zopondera kumbuyo, mpando tinaupala kuti ndikhale m'munsi.

Mabulaketi ndinapanga ndekha, kuyamba ndi waya wofewa kuti ndione mapindidwe kenako kuwotcherera achitsulo. Apa ndikupempheni amene mukufuna kuyesa, mphuno muimange ku felemu, osati ku mafoloko, zitsulo zija zogwira tayala lakutsogolo. Chilichonse chomwe chamangidwa ku mafoloko, mphepo ikachikankha ndiye kuti yakhotetsa chiwongolero, ndipo pa liwiro limenelo simufuna wina aliyense akugwirireni chiwongolero. Tinakoka chingwe kuchoka pakati pa tayala lakumbuyo kudutsa lakutsogolo, n'kulendeweretsa kanati pa ulusi kuchoka pansonga ya mphuno kuti tione ngati zikugwera pamzere umodzi, chifukwa mphuno ikapendekeka ngakhale pang'ono njinga imakokera mbali imodzi. Tinafinyanso mafoloko ndi malamba omangira katundu mpaka pansi, kuyerekeza nthawi yomwe wagwira buleki mwamphamvu, nde mudguard inagunda mphuno, tinadula masentimita awiri. Zikanachitika kumapeto kwa msewu wa ndege uja ndili pa buleki, sindikufuna n'kuganiza komwe.

Zina ndi zazing'ono koma zimadya nthawi. Fiberglass imang'ambika pabowo ngati palibe washala wamkulu, nde paliponse pomwe pali Dzus, tizomangira tija tongopotokola kota, ndinamata nsalu ina ya fiberglass mkati. Resin, guluu womatira nsaluyo, m'nyengo yozizira ya kuno sauma, unakhala wonata masiku awiri mpaka nditabweretsa hitala m'galaja. Ndipo rediyeta imafuna mpweya, bowo lolowera ukalichepetsa kwambiri injini itentha, komanso mpweya wolowawo uyenera kukhala ndi potulukira m'mbali, apo ayi umangodzaza mkati ngati thumba.

Ulendo woyamba ku Elvington ndi fairing yatsopanoyi ndinabwerako mtima uli pansi. Liwiro linakwera pang'ono kwambiri, losagwirizana ndi thukuta lonse lija. Ndili chikhalire pa bokosi la zida, kunabwera bambo wina wachikulire amene wakhala akuthamanga pamenepo zaka zambiri, anazungulira njinga kamodzi osayankhula, mphuno sanaiyang'ane n'komwe, anakaima kumbuyo n'kuika dzanja pampata womwe unali pakati pa msana wanga ndi mchira. Anati mphepo kuitsegula sikuvuta, chovuta ndi kuitseka ukadutsa. Ndinati, "Bambo, nde ndipange bwanji?" Iwo anati ndigule ulusi woluka majuzi, ndidule tizidutswa totalika ngati chala, ndimate ndi tepi njinga yonse mpaka pamsana pa jekete, ndiike kamera, ulusiwo undiuza wokha.

Ndinatero ulendo wotsatira, ulusi wofiira, mizere mizere, kamera yaing'ono itamangidwa kumchira. Vidiyo imeneyo ndaionera mwina kakhumi. Pamphuno ndi m'mbali ulusi wonse unagona bwinobwino kuloza kumbuyo, osagwedezeka. Koma kungodutsa mapewa anga, ulusi unayamba kuvina, wina kuzungulira, ndipo wa m'munsi mwa msana unaimirira n'kuloza kutsogolo, kutanthauza kuti pamenepo mphepo imabwerera m'mbuyo. Kumbuyo kwanga kunali dzenje la mpweya lomwe limandikoka ngati munthu wakugwira malaya, nde injini imalimbana ndi dzenje limenelo pomwe ine ndinatha miyezi ndikupukuta mphuno. Pamenepo mpomwe ndinamvetsa chifukwa chake njinga za liwiro lenileni zimakhala ngati nsomba, kutsogolo kozungulira, kumbuyo kutalika n'kumachepa pang'onopang'ono. Njinga ya Indian ya 1920 ya Burt Munro wa ku New Zealand, yomwe inapanga mbiri ku Bonneville mu 1967, inali m'chigoba chotero. Ack Attack yomwe Rocky Robinson anafika nayo mamailosi 376 mu 2010, ya injini ziwiri za Hayabusa, ndi chimodzimodzi, munthu amakhala mkati mwenimweni.

Mchira ndinaupanganso wonse. Ndinamata thovu louma lija amaika m'makoma a nyumba, n'kumasema ndi mpeni ndi sandipepala, ine kukwera kutsika kukwera kutsika, mpaka kutsogolo kwa mchira kutafanana ndi msana wanga ndikagona, kutalika ndi kufupika komwe, kuti mphepo ikachoka pa jekete ipeze pogwera. Kenako kuuchepetsa pang'onopang'ono kupita kumbuyo, osati mwadzidzidzi, chifukwa ukaupinda kwambiri mphepo imausiya n'kuyambanso kuzungulira. Musanadule kanthu werengani malamulo a gulu lomwe mukuthamangamo. Ku Bonneville mwachitsanzo a SCTA, gulu lokonza mipikisano kumeneko, amasiyanitsa njinga yopanda fairing, yophimba pang'ono ndi yophimba yonse, ndipo m'gulu lapakatilo wokwera ayenera kuoneka ukamuyang'ana chammbali, nde ukaphimba mopitirira wapezeka uli m'gulu lina.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinasankha kutaya dala. Mbali zija zinali zazitali kufika pafupi ndi pansi, ndipo Elvington ndi poyera, palibe chotchinga, mphepo yam'mbali imabwera momwe yafunira. Tsiku la ulusi lija inandiwomba kamodzi chapakati, njinga yonse inasuntha ngati wina waikankha ndi phewa. Vuto limeneli ndi lakale, ma fairing a dustbin ophimba tayala lakutsogolo omwe a kampani ya Moto Guzzi ndi ena ankathamanga nawo m'zaka za m'ma 1950 analetsedwa ndi FIM, bungwe la mipikisano ya njinga zamoto padziko lonse, itatha 1957, ndipo mphepo yam'mbali inali chimodzi mwa zifukwa zake. Masewerawa amapha. Bill Warner, amene anafika mamailosi 311 pa Hayabusa mu 2011, anafera ku Loring ku Maine mu 2013, ndipo Zef Eisenberg anafera pa Elvington pomwepa mu 2020, iye anali m'galimoto. Ine ndili ndi ana awiri ondidikira kunyumba. Ndinatenga guraindala n'kudula m'munsi mwa mbali zonse ziwiri, ndikudziwa kuti ndataya kaliwiro kena pamenepo, ndipo ndinalonjeza mayi a kunyumba kuti mphepo ikakhala yam'mbali njinga sitsika m'vani.

Pakadali pano zonse zamangidwa, penti sindinapake, ikadali ndi mabala otuwa a filler, phala lomatira maenje, paliponse ndipo ikhala choncho mpaka nditatsimikiza kuti sindidulanso. Ulusi watsopano ndamata kale pamchira, watsala wa pa jekete, umenewo amata mlamu m'mawa wa tsikulo nditagona kale panjinga, chifukwa ukamata nditaimirira mizere imasokonekera ndikawerama.