Momwe ndinalumikizira iPod yakale ndi ampulifaya kuti nyimbo zimveke bwino

Ampulifaya ya mahedifoni sikonza nyimbo. Imangokulitsa chomwe yalandira, chabwino ndi choipa chomwe, n'kupatsa mahedifoni mphamvu yokwanira. Mfundo imeneyi ndi imene ndinayendera polumikiza iPod Video yanga ya 2006, choimbira nyimbo cha m'thumba cha Apple, ndi kaampulifaya ka m'thumba, kuti ndizimvera mahedifoni a Beyerdynamic DT 770 a 250 ohm.

Nambala ya ohm imeneyo, yomwe imasonyeza mmene mahedifoni amakanira magetsi, ndi imene inachititsa kuti ampulifaya ifunike. Timahedifoni tolowa m'khutu nthawi zambiri timakhala ta 16 kapena 32 ohm, ndipo iPod imatikwanitsa popanda vuto. A 250 ohm amafuna voteji yochulukirapo. Mukawalumikiza mwachindunji nyimbo imamveka ndithu, koma voliyumu imafika kumapeto kwenikweni, ndipo ng'oma ikagunda mwamphamvu imamveka yopanikizika. Ngati anu ndi a 32 ohm ndipo akumveka mokwanira voliyumu ili pakatikati, ndalama zanuzo sungani.

Ndinayamba ndi nyimbo zenizenizo, ndisanagwire waya aliyense. Zambiri zomwe timatumizirana pa WhatsApp kapena kukopetsa pa memori khadi kumsika zimakhala MP3 ya 128 kbps, zina zochepera pamenepo (nambalayi ikachepa, ndiye kuti zambiri za m'nyimboyo zatayidwa pochepetsa fayilo). Pa sipika ya foni simungadziwe. Pa mahedifoni abwino, mawu osongoka monga a zitsulo za ng'oma amamveka ngati akuphwanyika. Ndinatenga ma CD anga n'kuwakopera mwatsopano pa kompyuta. Pulogalamu ya Apple ya mu iPod siwerenga FLAC, mtundu wa fayilo wosataya kalikonse ka nyimbo, choncho pali njira ziwiri: kugwiritsa ntchito Apple Lossless, mtundu wa Apple wosatayanso kanthu, kapena kuikamo Rockbox, pulogalamu yaulere imene imawerenga FLAC. Ine ndinasankha Rockbox. Komabe ndinene zoona, MP3 ya 320 kbps yokopedwa bwino kuchokera pa CD ndi yokwanira kwa makutu ambiri, anga omwe. Chimene sichithandiza n'kutenga fayilo ya 128 n'kuisandutsa FLAC. Zomwe zinatayika sizibwerera, imangodya malo.

Kenako waya. Apa ndi pamene kusintha kwakukulu kunachokera. iPod ili ndi potulukira mawu pawiri: kabowo ka mahedifoni ka 3.5 mm pamwamba, ndi polumikizira potambalala pa mapini 30 pansi pake. Mawu otuluka pakabowo amakhala atadutsa kale mu kaampulifaya ka m'kati mwa iPod. Mukawalowetsa mu ampulifaya ina, ndiye kuti mwakulitsa kawiri, ndipo kaphokoso kalikonse ka woyamba uja kakulitsidwanso. Pansi paja pali line out, mawu osadutsa mu voliyumu ya mahedifoni. Kawaya kake amakatchula LOD, kafupi ngati chala, mbali ina mapini 30, mbali ina pulagi ya 3.5 mm. Nditakalowetsa, ndinazunguza gudumu losinthira voliyumu la iPod ndipo voliyumu sinasinthe. Musadabwe nazo, ndi momwe ziyenera kukhalira, chifukwa tsopano voliyumu yonse ili m'manja mwa ampulifaya. N'chifukwa chake musanayatse, tsitsiranitu kagudumu ka ampulifaya mpaka pansi, mahedifoni musanawavale.

Ngati choimbira chanu chilibe line out, kukulitsa kawiri sikupha munthu. Ikani voliyumu ya choimbiracho pafupifupi magawo atatu mwa anayi, musaifikitse pamapeto, ndipo zotsalazo muzichitira pa ampulifaya.

Pambali pa ampulifaya zambiri pali kaswitchi kolembedwa gain, kosankhira mlingo womwe ampulifaya ikulitsire mawu: L wotsika, H wokwera. Anthu amakonda kukankhira pa H poganiza kuti chokwera ndiye chabwino. Ine ndinayamba ndi L. Gain yokwera imakulitsanso kaphokoso ka "sss" komwe kamamveka nyimbo ikakhala chete, makamaka pa timahedifoni tolowa m'khutu. Palinso nkhani ina: kagudumu ka voliyumu kakakhala pansi kwambiri, khutu lina limatha kumva mokwera kuposa linzake. Ndi chibadwa cha tizipangizo timeneti. Mukakhala pa H, mumakakamizika kumvera pamalo oipawo. Gain yoyenera ndi imene imalola kuti kagudumu kafike chapakati pamene nyimbo ikumveka mokoma. Pa DT 770 yanga, nyimbo zatsopano zimakwanira pa L, koma zojambulidwa kale, zomwe zimakhala zotsika, zimafuna H.

EQ, yomwe imakweza kapena kutsitsa besi ndi mawu osongoka paokhapaokha, ndinaizimitsa kaye yonse. Kukweza besi pa choimbira kumatha kufikitsa mawu pamalire a zomwe makinawo angatulutse, ndipo besiyo imayamba kung'ambika. Mu Rockbox muli precut, imene imatsitsa mawu onse EQ isanagwire ntchito. Ndikakweza besi ndi 3 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), precut ndimaiikanso pa 3 dB. Nthawi zambiri kutsitsa pang'ono mawu osongoka kumagwira ntchito bwino kuposa kukweza besi.

Zotsalazo n'zazing'ono. Pulagi ndinaipukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spirit, chifukwa fumbi ndi thukuta zimabweretsa phokoso la "krrr" waya akagwedezeka. Timapilo ta mahedifoni tikaphwa, besi ndi mawu onse zimasintha, ndiye ndinasintha tatsopano. iPod ndi ampulifaya ndinazimanga pamodzi ndi malamba a labala, pakati n'kuikapo kansalu kuti zisakandane. Foni ndimaiika m'thumba lina, popeza ikamasaka netiweki ampulifaya imatola kaphokoso kake kaja ka "di-di-dit".

Poyerekeza ngati zasinthadi, samalani ndi khutu lanu. Chilichonse chokwera pang'ono chimamveka ngati chabwino. Ine ndimasankha nyimbo imodzi yomwe ndimaidziwa bwino, yokhala ndi gitala, besi ndi mawu a munthu, n'kufananitsa voliyumu ya iPod yokha ndi ya iPod yolumikizidwa ndi ampulifaya ndisanaweruze. Nditachita zimenezi, kusiyana kunalipo koma osati kwa usiku ndi usana: besi inalimba, ndipo zida zinasiya kupiringizana nyimbo ikafika pachimake.

Mawu oyera salasa m'khutu msanga, choncho n'zosavuta kukweza mopitirira osazindikira. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata pa mlingo wa 80 dB, ndipo voliyumu ikakwera nthawiyo imatsika msanga kwambiri. Ndinaika kadontho ka penti pa kagudumu ka ampulifaya, pamalo pomwe ndimamvera m'chipinda chabata, ndipo ngakhale mu minibasi yaphokoso sindidutsa pamenepo.