Ulendo wa ku Avignon ndi Pont du Gard

Ndinafika ku Avignon, kummwera kwa dziko la France, pa sitima yapamtunda yochokera ku Paris, ndipo choyamba kundilonjera chinali mphepo ya mistral, yomwe imatsika ndi chigwa cha mtsinje wa Rhône kuchokera kumpoto ili youma ndi yozizira, moti ndinavala juzi dzuwa likuswa mtengo.

Alendo ambiri amathamangira ku Palais des Papes, chinyumba cha miyala chokumbutsa zaka za pakati pa 1309 ndi 1377, pamene apapa asanu ndi awiri anatsogolera mpingo wa Katolika ali mumzindawu m'malo mwa ku Roma. Kukula kwake ndi kogometsa, koma zipinda zambiri zili mbee, zopanda katundu, choncho sindinakhalitsemo. Chapafupi pali mlatho wa Saint-Bénézet, umene umathera pakati pa mtsinje chifukwa madzi osefukira anaugumula kangapo mpaka eni mzinda anatopa nako kuukonza.

Chimene chinandigwira mtima ndi mlatho wina wotchedwa Pont du Gard, kumadzulo kwa Avignon. Aroma akale anamanga mlathowu zaka pafupifupi 2,000 zapitazo kuti uolotse ngalande ya madzi pamwamba pa mtsinje wa Gardon. Ndi wosanjikizana katatu, wotalika pafupifupi mamita 49 kupita m'mwamba, ndipo miyala yake ikuluikulu ya m'munsi anangoisema bwino ndi kuisanja popanda chomatira. Ngalandeyo inkatenga madzi kufupi ndi tauni ya Uzès kupita nawo ku mzinda wa Nîmes, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, koma pa mtunda wonsewo inkatsika ndi mamita osakwana 13 okha, ndipo madzi ankayenda okha popanda pampu. Aliyense amene analambulapo ngalande kudimba akudziwa kuti kuyeza kotereku si masewera.

Nditayandikira, ndinaona miyala ina itatulukira kunja kwa khoma, yomwe amisiri ankatsamizapo mitengo yokwerapo pomanga, komanso maina ndi zizindikiro zimene osema miyala a m'zaka za pambuyo pake anazokota pamenepo. Pansi pake ana ankasambira, ena akupalasa timabwato.

Ku mzinda wa Arles ndinangodutsako masana amodzi, kukaona bwalo lamasewera la Aroma limene kale linkalowa anthu oposa 20,000, ndipo mpaka lero limadzaza pa nyengo ya masewera a ng'ombe zamphongo.