Sabata yachitatu: Neovim yanga yatsala ndi mapulagini asanu

Pomwe ndimayamba ntchito yochepetsa mapulagini (timapulogalamu towonjezera), Neovim yanga, pulogalamu yomwe ndimalembera mapulogalamu, inali ndi mapulagini 38. Chinanditopetsa n'chakuti tsiku lina nditapanga update, pulagini imodzi inasiya kumvana ndi inzake, ndipo ndinagona mochedwa ndikusakasaka vuto m'malo molemba pulogalamu yomwe ndinakhalira pansi. Kutacha ndinaika init.lua yakale, fayilo yosunga makonzedwe a Neovim, pambali n'kuyamba ndi fayilo yopanda kanthu.

Ndinadziikira lamulo limodzi: ndisanaike pulagini iliyonse, ndiyambe ndatsegula :help kuti ndione ngati Neovim singachite yokha. Apa ndiye manyazi anandigwira. Pulagini yoikira ndemanga ndakhala ndikuinyamula chabe, chonsecho kuyambira pa 0.10, yomwe inatuluka mu 2024, ukangodina gcc mzere umasanduka ndemanga. LSP, njira yomwe Neovim imalumikizirana ndi mapulogalamu odziwa chilankhulo chomwe ukulembamo, nayo inalowa kalekale, mu 0.5 ya 2021, kungoti kuikonza kunali kotopetsa. Mu 0.11 anabweretsa vim.lsp.config ndi vim.lsp.enable, moti ndinangolemba kafayilo kakang'ono ka clangd (pulogalamu ya LSP ya C ndi C++) m'foda ya lsp, basi zatheka. Kusintha dzina la function ndi grn, kuona malo onse amene yaitanidwa ndi grr. Mapulagini atatu anachoka madzulo omwewo.

Kumene ndavutika ndi kusaka mafayilo. Ndinaika path+=** kuti :find, lamulo losakira fayilo, izilowa m'mafoda onse. Pa pulojekiti yaing'ono zinayenda bwino, koma pa ina yokhala ndi node_modules, foda yodzaza ndi mafayilo ambirimbiri, ndinkadikira mpaka kuiwala chomwe ndimafuna. Kuwonjezera fodayo mu wildignore, mndandanda wa zoti zizidumphidwa posaka, kunathandizako, komabe :find imafuna kuti dzina la fayilo uzilikumbukira ndithu, pomwe ine ndimangokumbukira tizidutswa take. Ndinapirira masiku asanu ndi anayi. Lachinayi ndinagonja, ndipo fuzzy finder, pulagini yosaka fayilo ndi tizidutswa ta dzina lake, inabwerera pamalo pake. Sindikudandaula ayi.

Kusaka mawu ndiye kwandisangalatsa. Ngati ripgrep, pulogalamu yosakira mawu m'mafayilo, ilipo pa kompyuta, :grep imaigwiritsa ntchito yokha, zotsatira zimapita mu quickfix, mndandanda wa malo onse amene apezeka, kenako umangoyenda ndi ]q ndi [q. Kuphatikiza ndi :cdo, yomwe imachita lamulo pa malo onse a mu quickfix, ndinasintha liwu limodzi m'mafayilo khumi ndi lamulo limodzi lokha. Zaka zonsezi quickfix ndinkaiona ngati chinthu cha akuluakulu a Vim yakale, yomwe Neovim inachokerako.

Netrw, yoonera mafoda ndi mafayilo yomwe imabwera ndi Neovim, ndaiyesa. Ndi yonyansa pamaso, koma pa ntchito yochepa yomwe ndimaifunira, ikukwanira.

Zala zokha ndi zimene sizinamve uthenga. Zikudinabe mabatani a mapulagini omwe kulibenso, ndiye ndimangoyang'ana sikirini itangoti zii. Ndakana kuwabwezeretsa mabataniwo, ndione ngati zingazolowere. Sabata yamawa ndigwira statusline, kamzere ka m'munsi mwa sikirini komwe panopa kakuchokera ku pulagini. Ndikufuna kuilemba ndekha, izingoonetsa dzina la fayilo, nambala ya mzere ndi kuchuluka kwa zolakwika kuchokera ku LSP. Ikatheka, mapulagini atsala anayi.