Za mtengo wa mufiriji uja

Poti chithunzi chija chazungulira kale magulu onse a WhatsApp, ndipo ena mwayamba kundifunsa ngati munda wanga umayendera magetsi, ndiloleni ndifotokoze ndekha alamu anga asanaithirenso tsabola wina nkhaniyi. Inde, mufiriji munali mtengo. Inde, ndinauikamo ndine. Koma sindinapenge ayi, ndipo mukamva bwinobwino muona kuti wolakwa weniweni ndi mtengowo.

Kanali kamtengo ka blueberry, kotalika kufika m'bondo, ka masamba obiriwira ngati kopaka polishi. Nditafika nako ndinakachereza monga timacherezera mbewu iliyonse yomwe tikuikonda: dzenje lalikulu, zitosi za nkhuku, phulusa manja awiri, madzi a pampopi m'mawa ndi madzulo. Patatha milungu itatu masamba anasanduka achikasu, mitsempha yokha ndiyo inatsala yobiriwira. Ine kuona choncho ndinati kali ndi njala, ndiye ndinawonjezera phulusa.

Pambuyo pake ndi pomwe ndinawerenga kuti blueberry ndi mbewu yosiyana ndi anzake onse. Amafuna dothi la asidi, la pH (muyeso wa asidi m'dothi) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, pomwe phulusa ndi laimu ntchito yake ndi kupha asidi yemweyo. Asidi akachepa, mizu imalephera kuyamwa ayironi ngakhale ali mbwee m'dothimo, n'chifukwa chake masamba amachita chikasu. Ndiye kuti kwa mwezi wathunthu ndinkamupha mlendo wanga mwaulemu, uku ndikumufunsa ngati wakhuta. Koma inunso nenani zoona: ndani mwa inu akanadziwa kuti padziko pano pali mtengo womwe umadana ndi phulusa?

Ndinakazula, n'kukaika m'chidebe chobowola pansi, momwe ndinadzazamo makungwa a paini ndi utuchi wowola, kuthirako salufa pang'ono, madzi n'kumathirira a mvula okhaokha. Mizu yake ndi yopyapyala ngati tsitsi ndipo imayenda pamwambamwamba: dothi likauma kalira, madzi akadikha mizu yaola. Ndinkapisa chala m'dothimo kangapo patsiku ngati namwino. Kanachira ndithu. Masamba atsopano anatuluka, nthambi zinakula, chaka chinatha. Duwa ngakhale limodzi, ng'o.

Ndi pamene ndinakatola kapepala komwe kanabwera ndi mtengowo. Panalembedwa kuti Bluecrop. Kufufuza dzinali, ndinapeza kuti ndi mtundu wa kumayiko ozizira, ndipo kuti uchite maluwa bwino umafuna kugona m'chisanu chosapitirira madigiri 7 kwa maola 800 kapena kuposerapo. Kwathu kuno, komwe munthu umatuluka thukuta uli m'bafa ukusamba, madigiri 7 tingawaone kuti?

Ndinakhala pampando n'kumayang'ana uku ndi uku. Maso anga anagwera pa firiji.

Apa ndipemphe anzanga omwe mumaseka kuti mutenge cholembera. M'firiji mumazizira pafupifupi madigiri 4. Kodi 4 si wochepera 7? Maola 800 mukawagawa ndi 10 pa usiku uliwonse, ndi mausiku 80 basi. Masamu amenewa palibe mphunzitsi angawathethe. Vuto linali limodzi lokha, loti firijiyo ili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo ndinakwatira ine.

Choncho ndinayamba ntchito ya usiku. Mayi akunyumba akangoti tulo, ine nyamu, kuyenda chonyang'ama, kuchotsa mashelefu onse atatu, zakudya kuzipanikiza m'zitseko ndi m'kabati ya pansi, kenako kukanyamula chidebe panja, chomwe kulemera kwake ngati mwana wa sitandade 5, n'kuchilowetsa mwakachetechete. Nthambi yam'mwamba ndinkaipinda pang'ono, n'kupepesa. Isanakwane 5 koloko m'mawa ndinkadzuka kukabweza zonse m'malo mwake. Kuseri kwa chitseko cha sitolo ndinkalemba timizere ta maola ngati mkaidi. Msana unayamba kuwawa, kuntchito ndinkasinza pamsonkhano, ndipo mayi anafunsapo kawiri chifukwa chomwe m'firiji mukupezeka nyerere. Ndinati nyerere za masiku ano n'zolimba mtima.

Usiku wa 23, alamu anga, achimwene awo a mayi, anagona kwathu. Ndinadikira mpaka nkonono wawo utakhazikika, n'kugwira ntchito yanga monga mwa masiku onse. Koma tsiku limenelo alamu ya pafoni sinalire, kapena inalira ine n'kuizimitsa, zimenezo tisalimbane nazo. Chomwe chinandidzutsa ndi mawu ochokera kukhitchini, mawu a munthu wamkulu akuitana mayi ake omwe ali kutali.

Ndinathamanga. Ndinapeza alamu ataima chilili, kapu ili m'manja, chitseko cha firiji chili pululu. Kagetsi ka m'katimo kanali kakuwalira mtengo wanga kuchokera kumbuyo, kankhungu kozizira kakutsika pansi pang'onopang'ono, masamba ali ndi timadontho ta mame. Nthambi ija ndinkaipinda inali itawongoka n'kutulukira kunja, ikugwedera pafupi ndi mphuno yawo ngati ikufuna kupereka moni. Kunena zoona, sunaonekepo bwino chotero mtengo uja. Unaima mwaufumu, ngati mwini nyumba yemwe wasokonezedwa ali m'chipinda chake. Nyongolotsi imodzi, yomwe sindikudziwa kuti inalowa liti m'chidebemo, inali itatuluka n'kudzipinda pambali, ikuoneka kuti nayonso ili ndi mafunso. Tonse atatu tinangoti zii. Firiji yokha ndiyo inkalira.

Alamu anatseka chitseko pang'onopang'ono. Anawerenga chamumtima. Anatsegulanso. Mtengo unali pomwepo.

"Alamu," anatero osandiyang'ana, "ndimafuna madzi akumwa. Koma ndaona kuti muli alendo."

Ndinati, "Ndi sayansi, alamu."

"Eya. Nanga alendowa amalipira lendi?"

Ndinayamba kufotokoza za maola 800, za madigiri 7, za mayiko ozizira. Ndili pakati pofotokoza, mayi analowa. Sanakuwe. Bola akanakuwa. Anayang'ana mtengo, anayang'ana mashelefu omwe ndinawatsamiritsa kukhoma, anandiyang'ana ine ndili ndi kabudula wogonera, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bambo a ana, milungu itatu yonseyi ndimati mwina mwapeza wina. Ndimakumvani mukudzuka usiku, mukunong'ona kuti pepa, pepa. Kani mkazi mnzanga ndi ameneyu?" Apo n'kuti alamu atatulutsa kale foni. Chithunzi mwachionacho anajambula nthawi imeneyo, ndipo dzanja lomwe likuoneka likuphimba mtengolo ndi langa. Sindikudziwa chomwe ndinkabisa.

Chondipweteka kwambiri si kusekedwa. Madzulo ake ndinawerenganso modekha, n'kupeza kuti kutentha kwa masana kumafafaniza chisanu chomwe mtengo wasonkhanitsa usiku. Ndiye kuti m'mawa uliwonse, pomwe ndinkautulutsa padzuwa monyadira, ndinkataya ndi manja anga zomwe ndinavutikira usiku wonse. Timizere 230 ta kuseri kwa chitseko tija tinali zokongoletsa chabe. Mtengowo nawo unasokonezeka mutu, osadziwa ngati kuli chisanu kapena chilimwe, ndipo unayoyola theka la masamba.

Komanso, ndipo apa ndi pomwe pandiwawa zedi, anthu anathetsa kale vutoli popanda kukhudza firiji ya mkazi wa munthu. Akatswiri a ku University of Florida ndi ena anapanga kalekale mitundu ya kumadera otentha, yotchedwa southern highbush, monga Sharpblue, Misty ndi Emerald, yomwe imakhutira ndi chisanu chochepa. Wina wotchedwa Sunshine Blue amangofuna maola pafupifupi 150. Amene anandigulitsa mtengo uja akanangondiuza mawu awiri okha. Koma ayi, anangoti "umabereka kwambiri", osanena kuti umabereka kuti.

Ndinagula mitengo iwiri ya kumadera otenthayi, ya mitundu yosiyana, poti njuchi zikamayenda pakati pa mitundu iwiri zipatso zimachuluka. Amati chaka choyamba uzithothola maluwa kuti mtengo uyambe walimba. Ine, pambuyo pa zonse zija, kuthothola duwa? Ndinawasiya. Panatuluka zipatso zitatu. Ziwiri anadya pumbwa ndikuona, tsiku lomwe ndinati mawa ndigula ukonde. Chachitatu tinagawana anthu anayi ndi mpeni, ndipo alamu anati chikanakoma chikanakhala chozizira.

Bluecrop uja akadalipo kuseri kwa nyumba, masamba okhaokha, ndipo ndimamuthirirabe. Firiji pano ndimatsegula pokhapokha pali mboni. Shelefu yachitatu sinapezekebe mpaka lero. Ndikukumbuka kuti ndinaibisa pamalo abwino kwambiri.