Onga wa zipolopolo ndi kutentha kwa ku Chigwa cha Shire

Ngati mumadziikira nokha onga m'zipolopolo zosakira, muyeso wa onga umene unalasa bwino mu June ukhoza kukuvutani mu October. Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo onga ukatentha umayaka mwaukali. Mphamvu mkati mwa mfuti imakwera, liwiro limasintha, chipolopolo chimakagwa pena mukalasa patali.

Choncho yesani zipolopolo zanu m'nyengo imene mudzasake. Yambani ndi muyeso wotsikitsitsa wa m'buku la opanga ongawo, muziwonjezera grain 0.3 (grain ndi kamuyeso kakang'ono ka kulemera kwa onga), ndi kuwombera zisanu zisanu pa mamita 100. Zitatu n'zochepa, zimanamiza. Mpope wa mfuti uzizire kaye musanapitirize.

Chikho chilichonse, chachitsulo chija chimene mumakhala onga, muchione mukachitulutsa mu mfuti mutawombera. Primer (kachitsulo koyatsa onga ka pansi pa chikho) ikaphwathalala, bolt (chitsulo chotsekera chipolopolo mu mfuti) ikalimba potsegula, kapena pansi pa chikho pakaoneka kachizindikiro konyezimira, mphamvu yachuluka: lekani pomwepo, bwererani ku muyeso wotsika. Kuya kwa chipolopolo m'chikho musinthe pambuyo pake, chinthu chimodzi nthawi imodzi.

Pitani m'mamawa, mpweya usanayambe kunjenjemera mu scope, galasi la pamfuti loonera patali. Zipolopolo musaziike padashibodi, dzuwa la ku Nchalo silichita nthabwala. Laisensi ya mfuti ikhale m'thumba, ndipo ku Lengwe ndi ku Majete sikosakako.