Mmene ndinaikira choyezera kutentha pa tsamba la injini ya ndege

Tsamba la turbine (gudumu lozungulira m'kati mwa injini) lomwe anandipatsa ku labu linali lalitali ngati chala changa, la chitsulo chosakaniza ndi nickel wambiri. M'injini ya ndege, masamba otere amazungulira mumpweya wotentha kuposa pomwe chitsulocho chingasungunukire. Chimawapulumutsa ndi mpweya wozizirirapo wodutsa m'timabowo ta m'kati mwake. Ntchito yanga inali yopeza kuti pamwamba pa tsambalo pakutentha bwanji.

Kale ankasema kangalande n'kukwiriramo waya woyezera. Koma kangalandeko kamafooketsa tsamba, ndipo waya ukatumphuka umasokoneza kayendedwe ka mpweya, mwakuti umayeza kutentha komwe wasintha wekha. Ine ndinatsata njira yomwe akatswiri a malo ofufuzira a NASA Lewis ku Cleveland, ku America, komwe lero ndi NASA Glenn, anaigwirira ntchito zaka zambiri: kuyala choyezeracho pa tsamba penipeni, chopyapyala kuposa tsitsi la munthu kangapo konse.

Ndinayamba ndi kutsuka tsambalo ndi acetone, mankhwala ochotsa mafuta, nditavala magolovesi, chifukwa mafuta a chala chimodzi amakwanira kulepheretsa zonse kumata.

Kenako panabwera gawo lomwe linandidyera masabata. Tsamba ndi chitsulo, choyezeranso ndi chitsulo. Zikakhudzana, magetsi amathawira m'tsamba ndipo palibe chomwe ungawerenge. Pakati pake pamafunika chotchinga cha alumina, chinthu chosalola magetsi kudutsa chomwe chimapangika aluminium akakumana ndi oxygen. Tinayamba tapaka tsambalo NiCoCrAlY, msakanizo wa nickel, cobalt, chromium, aluminium ndi yttrium, ndiye ndinaliika m'ng'anjo pa madigiri pafupifupi 1000 kwa maola ambiri kuti aluminium wa m'chopakacho atulukire pamwamba, akumane ndi oxygen, ameretse alumina wakewake. Womera chonchi amagwira zolimba, koma ndi wochepa, motero ndinawonjezerapo wina ndi makina.

Ulendo woyamba ndinalakwa ndine. Nditayeza tsambalo lili lozizira, chotchinga chinkaoneka bwinobwino, ndipo ndinathamangira kutsogolo. Litatentha, manambala anayamba kuyendayenda. Kafumbi kamodzi kanali katasiya kabowo kosaoneka ndi maso, komanso alumina akatentha kwambiri amayamba kulola magetsi pang'ono. Zinandiwawa, platinum yense amene ndinayalira choyezeracho atapita pachabe. Kuyambira pamenepo chotchinga ndimachiyezera m'ng'anjo, chili chotentha, ndisanayalepo kanthu.

Kuyala mizere iwiri ya chitsulo yopanga choyezeracho kunayenda msanga. Ndinaphimba tsamba n'kusiya kanjira kowonda, ndinapopa mpweya wonse m'makina a sputtering, n'kulowetsamo mpweya wa argon wochepa. Argon amamenya chimbale cha platinum, tizidutswa take n'kumagwera pa tsamba ngati mame. Mzere wachiwiri unali wa platinum wosakaniza ndi rhodium, magawo 13 a rhodium pa 100 alionse. Pomwe mizere iwiriyi yapingasana ndi pomwe pali choyezera: zitsulo ziwiri zosiyana zikakumana, mbali ina yotentha ina yozizira, pamabadwa timagetsi, monga anapezera Thomas Seebeck mu 1821.

Kuwotcherera timawaya kumapeto kwa mizereyo kumafuna dzanja losanjenjemera. Ukawonjeza mphamvu pang'ono, ubowola alumina yemwe wamuvutikira uja.

Pomaliza ndinabwezera tsambalo m'ng'anjo pamodzi ndi choyezera china chodalirika. Pa madigiri 1000, zitsulo ziwirizi zimayenera kupereka timagetsi tokwana mamilivoti pafupifupi 10.5. Ndinaziziritsa, n'kutenthetsanso, kangapo, ndikuyang'ana ngati platinum akusendeka m'mbali. Sanasendeke, ndipo nambala inkabwerera pomwe inali.